Kanema wa 4K akudukizadukiza: ndigule chiyani, kapena ndingochita overclock?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa m'bale wina wa ku Salima, amene ali ndi kasitudiyo kake cha ku Kamuzu Road. Amajambula maukwati, zinkhoswe ndi nyimbo za makwaya, zambiri pagombe ku Senga Bay. Chigulireni kamera ya 4K, Premiere Pro, pulogalamu imene amadulira makanema, yayamba ulesi: akangoika kanema pa timeline, mzere umene amayalapo zidutswa za kanema, chithunzi chikumadukizadukiza, ndipo kutulutsa kanema wa ukwati wa maola awiri kukumamudyera usiku wonse. M'kompyuta mwake muli purosesa ya Ryzen 5 3600 pa motherboard ya B450, RAM imodzi ya 8GB, khadi la zithunzi la GTX 1050 Ti ndi hard drive ya 1TB. Mnzake wamuuza kuti asataye ndalama, angochita overclock, kutanthauza kukakamiza purosesa kuthamanga kuposa liwiro la kufakitale. Ndiye akufunsa kuti amvere mnzakeyo kapena agule zida, ndipo ngati n'kugula, ayambe ndi chiti.

Achimwene, mnzanuyo akufuna kukwapula ng'ombe yamphamvu pamene chavuta ndi tayala la ngolo. Purosesa yanu ili ndi ma core 6 ndi ma thread 12, ndipo pa zida zonse mwatchulazi ndi yokhayo imene ilibe mlandu. Kuti muone nokha, tsegulani ntchito ya ukwati ija, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, pitani pa Performance, kenaka seweretsani timeline mukuyang'ana manambala. Mupeza Memory yadzaza pafupifupi yonse, Disk ili pa 100%, pamene CPU, purosesa ija, ikungokwera n'kutsika kudikirira anzake.

Ndalama yoyamba ipite ku RAM, pamene kompyuta imasunga zimene ikugwiritsa ntchito nthawi yomweyo. 8GB imatha Windows ndi Premiere zisanayambe n'komwe ntchito, ndiye kompyuta imayamba kusungira zotsalazo pa hard drive, imene ndi yochedwa kutalitali. Vuto lachiwiri ndi lakuti muli ndi RAM imodzi yokha, choncho purosesa ikutunga kudzera njira imodzi m'malo mwa ziwiri. Gulani ziwiri za 16GB, DDR4-3200, zogulitsidwa mu paketi imodzi. Motherboard ikakhala ya mipata inayi, muziike pa mpata wachiwiri ndi wachinayi kuwerengera kuchokera ku purosesa, pamene palembedwa A2 ndi B2. Ya 8GB yakaleyo musaiphatikizepo pofuna kuti zikwane 40GB. Ikakhala ya liwiro lotsika imakokera zinzake zonse pansi, ndipo nthawi zina kompyuta imangozizimukira yokha popanda chifukwa chooneka. Igulitseni.

Yachiwiri ndi SSD ya NVMe ya 1TB, chosungira mafayilo chothamanga kwambiri kuposa hard drive. Pano anthu amasokonezeka, chifukwa kanema wa 4K wa 100Mbps amangofuna 12.5MB pa sekondi, ndipo hard drive wamba imatha kupereka kuposa 100MB. Chimene chimaipha ndi kudumphadumpha. Singano yake ndi imodzi, koma ikufunika kuwerenga Windows apa, kamera yoyamba apo, kamera yachiwiri uko, n'kulembanso cache, timafayilo tongoyembekezera timene Premiere imapanga ikamagwira ntchito. SSD ilibe singano. Ikanipo Windows, Premiere, Media Cache ndi ntchito imene muli nayo pa nthawiyo, hard drive yakale isanduke nkhokwe ya maukwati otha. Kumbukirani kuti ola limodzi la kanema wotere ndi 45GB, ndiye ukwati wa makamera awiri sudzachedwa kudzaza malo. Muonenso buku la motherboard yanu, chifukwa ma B450 ambiri mukaika SSD pa mpata wake wa M.2 amatseka mabowo ena a SATA olumikizira hard drive, munthu n'kumaganiza kuti hard drive yafa pamene yangofunika kuisamutsira pabowo lina.

Pali china chimene sichifuna ngakhale tambala. Makamera ambiri amasunga kanema mu H.264 kapena H.265, mmene chithunzi chathunthu chimasungidwa mwa apo ndi apo, zapakati n'kungolemba zimene zasintha. Mukamakokera timeline kutsogolo ndi kumbuyo, kompyuta imayenera kubwerera ku chithunzi chathunthu chija n'kumanganso zonse mpaka pamene mwaima. Njira yake ndi ma proxy, makope opepuka a kanema wanu ongogwiritsa ntchito podula. Sankhani mafayilo onse mu Project, dinani kumanja kwa mouse, pitani pa Proxy, kenaka Create Proxies, musankhe ProRes yaing'ono, muisiye igwire usiku mukugona. M'mawa yatsani batani la Toggle Proxies. Mudula kanema wopepuka, koma potulutsa Premiere imabwerera yokha ku mafayilo enieni a 4K. Potulutsapo sankhani VBR 1 pass ndi Hardware Encoding kuti ntchitoyo igwidwe ndi NVENC, mbali yotulutsira kanema ya m'khadi lanu la NVIDIA. Ambiri amasankha 2 pass poganiza kuti ndiye ukatswiri, osadziwa kuti akatero katundu yense amagwera purosesa.

Khadi la zithunzi ndi lachitatu, ndipo likhoza kudikira nyengo ya maukwati ikadzabweretsa kangachepe. 4GB ya GTX 1050 Ti imachepa mukayamba kukonza mitundu ndi kuchotsa timadontho ta kanema wojambulidwa usiku muholo. RTX 3060 ya 12GB ndi yokwanira bwino pa ntchito yanu, koma muwerenge bokosi, chifukwa ilipo ina ya dzina lomweli ya 8GB. Imadya mawati 170, ndiye power supply ikhale ya 650W ya kampani yodziwika, osati zopepuka ngati chitini zimene zimabwera ndi bokosi la kompyuta. Mudziwenso kuti kamera yanu ikamajambula H.265 ya 10-bit 4:2:2, RTX 3060 siitha kuimasula payokha, ndiye ma proxy simudzawasiya. Mukagula la kaunjika pa Facebook kapena ku Lilongwe, muliyese pamaso pa wogulitsa kwa mphindi 20 ndi pulogalamu ya OCCT musanapereke ndalama.

Purosesa ndi yomaliza. Motherboard yanu ndi ya soketi ya AM4, choncho Ryzen 7 5700X ya ma core 8 imakhalapo popanda kusintha motherboard. Koma BIOS, pulogalamu ya mu motherboard imene imayamba kompyuta ikangoyatsidwa, muisinthe Ryzen 3600 ikadali pomwepo, mutenge yotuluka mu 2022 kapena yatsopano kuposa apo, muiike pa fulashi ya FAT32. Ntchitoyi ndi ya mphindi zochepa, koma magetsi akathima ili mkati, motherboard ikhoza osadzukanso. Musaiyambe popanda UPS, bokosi la batire limene limapitiriza kupereka magetsi akathima. Pochotsa purosesa yakale, yambani mwaitenthetsa poyendetsa kompyuta kwa kanthawi, kenaka pozula choziziritsira muzichipotoza pang'onopang'ono. Mukangokoka mowongoka, purosesa imazukira limodzi n'kupinda timiyendo take.

Tsopano za overclock ija. Ryzen 3600 imadzikweza yokha mpaka 4.2GHz ikaona kuti kutentha kukulola. Tinene kuti pa ntchito yolemera ikuyenda pa 4.0GHz, inu n'kuikakamiza pa 4.2GHz ma core onse. Mwapindula 5 pa 100 aliyense, kutanthauza mphindi zitatu pa ola. Kuti mupeze mphindi zitatuzo mwakweza mphamvu ya magetsi yolowa mu purosesa, ndipo kutentha kumakwera mofulumira kuposa liwiro. Anthu amene mumawaona pa YouTube akuonetsa manambala okongola amayesera m'zipinda zozizira za madigiri 22 kapena kuchepera. Inu muli ku Salima, kumene mu Okutobala ndi Novembala masana amapitirira madigiri 30 mosavuta, ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i zimaposa pamenepo. Digiri iliyonse imene yawonjezeka m'chipinda imawonjezekanso pa purosesa. Ryzen 3600 ikafika pa madigiri 95 imadzichepetsa liwiro yokha, 5700X imatero pa 90. Ndiye mukhoza kuchita overclock m'mawa kuli kamphepo ka kunyanja, n'kusangalala, koma pofika 2 koloko kompyuta n'kumayenda mochedwa kuposa poyamba, kapena kuzima kanema atafika pa 80%. Kuika voteji yokhazikika yopitirira 1.3V pa ntchito ya maola ambiri kumaithetsanso mphamvu purosesayi pang'onopang'ono, moti pakatha miyezi imakana liwiro limene inkalola kale.

Choziziritsira chaching'ono cha Wraith Stealth chimene chinabwera ndi 3600 sichokwanira kunyanja kuno, ndipo 5700X simabwera ndi chilichonse. Pezani cha nsanja chokhala ndi fani ya 120mm, monga DeepCool AK400 kapena Cooler Master Hyper 212, mutayeza kaye ngati chikwane, chifukwa zimatalika pafupifupi 155mm. Thermal paste, phala lopititsa kutentha kuchokera pa purosesa kupita ku choziziritsira, muike kadontho ngati njere ya nandolo pakati, ndipo musaiwale kumatula kapulasitiki ka pansi pa choziziritsira. Bokosi likhale ndi mafani awiri kutsogolo olowetsa mphepo ndi imodzi kumbuyo yotulutsa, liime pa tebulo osati pansi pomwe pali fumbi. Mwezi ndi mwezi muzilipemerera ndi blower mutagwira mafani kuti asazungulire. Mafani a magetsi amitundumitundu aja asiyeni, ntchito yake ndi kuitana nkhungu ndi tizilombo usiku kuti tidzafere m'sefa.

Overclock yokhayo imene ndingakuuzeni kuti muchite lero ndi ya RAM. Mukaiika koyamba nthawi zambiri imayenda pa 2133 kapena 2400 ngakhale pabokosi palembedwa 3200. Poyatsa dinani Delete kulowa mu BIOS, yatsani XMP, imene pa ASUS imatchedwa DOCP ndipo pa MSI ndi A-XMP, sungani ndi F10. Mu Task Manager muone ngati Speed yafika 3200. Kenaka ikani MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, pa fulashi, muisiye izungulire kanayi usiku wonse. Cholakwika ngakhale chimodzi chokha ndi chokwanira kukuonongerani kanema mwakachetechete, ndiye chikapezeka tsitsani liwiro kufika 3000 muyesenso.

Mukadzagula 5700X, njira yoyenera nyengo yathu ndi yotsitsa voteji, osati kukweza. Mu BIOS pitani pa AMD Overclocking, Precision Boost Overdrive muike pa Advanced, malire a mphamvu muwasiye pa Auto, kenaka mu Curve Optimizer sankhani All Cores, Negative, 10. Purosesa ikamadya magetsi ochepa imazizira, ikazizira imadzikweza liwiro yokha. Yesani ndi pulogalamu ya Cinebench R23 kwa mphindi 10 mutatsegula HWiNFO64 yoonetsa kutentha, mulembe pa pepala malikisi ndi kutentha. Zikayenda, onjezerani 5, muyesenso, ndipo malire ake ndi 30 ngakhale si purosesa iliyonse imene imafikako. Chovuta cha njirayi ndi chakuti kompyuta simagwa pa ntchito yolemera, imagwa ikungokhala, mwina mukuwerenga WhatsApp. Ikadzizimukira yokha, tsegulani Event Viewer, ndipo mukaona WHEA-Logger nambala 18, bwererani m'mbuyo ndi 5. Mayeso onsewa muzichita masana dzuwa lili paliwombo, mazenera ali mmene amakhalira tsiku ndi tsiku. Khadi la zithunzi lokha musalichite overclock. Phindu lake pa kanema ndi lochepa, koma VRAM, RAM ya pa khadilo, ikalakwitsa mumaona timadontho tobiriwira pa diresi la mkwatibwi kanema mutapereka kale.

UPS ija musaione ngati chokongoletsa. Kompyuta ya 5700X ndi RTX 3060 pamodzi ndi sikirini imadya mawati osapitirira 400 ikamatulutsa kanema, ndiye UPS ya 1500VA, imene nthawi zambiri imanyamula mawati 900, ikupatsani mphindi zokwanira kusunga ntchito ndi kuzimitsa bwino. Musankhe yokhala ndi AVR yowongola magetsi akamatsika, ndipo ngati thumba likulola ikhale ya pure sine wave, chifukwa ma power supply ena amakono amazima UPS yotchipa ikangolandira katundu. Nyengo ya dzinja kukayamba ziphaliwali, zulani pulagi kukhoma, kuzimitsa switch kokha sikuteteza.

Mukasintha china mu BIOS kompyuta n'kukana kuonetsa chithunzi, musathamangire nayo kwa okonza. Zulani chingwe cha magetsi, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 pa motherboard, dinani batani loyatsira kwa masekondi 10, dikirani mphindi zisanu, bwezerani kabatire. BIOS ibwerera mmene inalili kufakitale, ndipo XMP mudzafunika kuiyatsanso.