Kuwedza pansi pa ayezi: sakani udzu wobiriwira

Achimwene ena amene anasamukira ku Minnesota, dera lozizira kwambiri la ku America, andilembera imelo. Akuti pafupi ndi kwawo pali kanyanja kodzaza udzu, moti nthawi yotentha mbedza imangokodwa. Ndiye akufunsa ngati pali phindu kukawedzako madzi akaundana.

Achimwene, pitani, koma musachedwe. Kanyanja kotero kamakoma kumayambiriro kwa dzinja la kumeneko, yomwe ndi nyengo yozizira, ayezi akangolimba. Nthawi imeneyo kuwala kumalowabe pansi, udzu umakhala wamoyo n'kumatulutsa okosijeni. Tizilombo timabisala mmenemo, tinsomba monga bluegill ndi perch timatsata tizilomboto, ndipo pike, chinsomba cha mano akuthwa chija, chimabisalira m'mphepete mwa udzuwo.

Mukaboola dzenje, musathamangire kuika nyambo. Tsitsani mbedza yokha mpaka pansi, mukokere udzu pang'ono, muuone. Ukatuluka wobiriwira, khalani pomwepo. Ukatuluka woderako, woterera, wonunkha ngati matope a padambo, nyamulani chidebe chanu mukaboole pena. Ine chaka choyamba ndinakhalira dzenje limodzi m'mawa wonse, zala zitachita dzanzi, osadziwa kuti ndikuwedza pa udzu wowola. Ndinabwerera chimanjamanja.

Dzinja likakhwima, sinowo, chipale chofewa chimene chimagwa ngati mvula, amaunjikana pamwamba pa ayezi n'kutseka kuwala. Udzu umafa, ndipo powola umadya okosijeni yemwe uja. Pa kanyanja kosazama nsomba zimafooka, zaka zina zimafa zambirimbiri. Ndiye cha mu February mukaona zii, musanene kuti wina wakulodzani.

Za moyo wanu tsopano. A boma la Minnesota amalangiza kuti munthu woyenda pansi adikire ayezi watsopano woonekera mkati afike mainchesi 4, omwe ndi pafupifupi masentimita 10. Ayezi woyera ngati mkaka mphamvu zake ndi theka chabe. Pamene bango latulukira pamwamba, zungulirani patali, chifukwa pamenepo ayezi amakhala wofooka. Yendani awiri, ndipo muzimuyeza ayeziyo mukamalowera mkati.

Chiphaso chowedzera mugule, si kumudzi kuno. Pa ayezi amalola zingwe ziwiri: china muikepo kansomba ka nyambo, muchitchere m'mphepete mwa udzu kudikira pike, chinacho, ka mbedza kakang'ono ndi mphutsi, muzichigwedeza pang'onopang'ono pamwamba pa nsonga za udzuwo, osati m'kati mwake.