Chala kapena sikani: timadziwa bwanji kuti mtima wayambanso?

Namwino wina wogwira ntchito m'chipinda cha odwala mwadzidzidzi wandilembera imelo. Akuti: "Tikamatsitsimutsa munthu amene mtima wake waima, mphindi ziwiri zikakwana timasiya kupsinja pachifuwa kuti timve kugunda pakhosi. Wina amati ndamva, wina amati palibe. Tsopano dokotala wathu watsopano wayamba kukoka makina a ultrasound. Kodi n'zothandiza, kapena akungotitayitsa nthawi?"

Zikomo pondilembera, anzanga. Makina a sikaniwo amaona bwino kuposa chala. Koma akagwidwa ndi munthu wosayang'ana wotchi, amadya masekondi amene wodwalayo alibe.

Mkangano wa "ndamva" ndi "palibe" usakuchititseni manyazi, ndi wakale. Mu 1996 a Eberle ndi anzawo anatenga anthu 206 ophunzitsidwa chithandizo choyamba n'kuwauza kuti amve kugunda pakhosi pa odwala amene anali pa opaleshoni ya mtima. Ofufuzawo ankadziwa kale amene mtsempha wake ukugunda ndi amene sukugunda. Pamene kugunda kunalipo, anthu 45 pa 100 alionse sanakumve. Pamene kunalibe, 10 pa 100 anati kulipo. Amene anapereka yankho masekondi 10 asanathe sanakwane ngakhale mmodzi pa asanu. Nanga inu mwavala magolovesi, mwangochoka kumene kupsinja, thukuta lili kamukamu, mtima wanu ukugunda mpaka kunsonga za zala? Nthawi zina kugunda kumene mukumvako n'kwanu komwe.

Imelo yanu sinanene pamene dokotalayo amaika probe, kachipangizo ka makinawo kamene amagunditsa pakhungu, ndipo nkhani yagona pamenepo. Kuyang'ana mtsempha ndi kuyang'ana mtima ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Ya mtsempha ndiyo yofulumira. Mumatenga probe yamlomo wowongoka, ija timafunira mitsempha poika diripi, n'kuigoneka mopingasa pakhosi pambali pa kholingo. Pagalasi pamaoneka timabowo tiwiri takuda: jugular, wobweza magazi kumtima, ndi carotid, wopititsa magazi kuubongo. Muwapezeretu mnzanu akadapsinja. Akangoima, dinikizani pang'ono. Jugular amaphwa msanga ngati paipi yopanda madzi, zimenezo n'zachibadwa. Maso anu akhale pa carotid. Akaphwa nayenso n'kungokhala zii, magazi sakuyenda, bwererani pachifuwa. Akakana kuphwa, khoma lake n'kumatukuka n'kubwerera, ndiye kuti kugunda kulipo, ndipo aliyense m'chipindamo akukuona ndi maso, osati kungokhulupirira chala cha munthu mmodzi. Mbali imodzi yokha ya khosi, chonde, osati zonse ziwiri nthawi imodzi.

Ine ndimakonda pamphechepeche, pa mtsempha wa femoral, chifukwa kumutu kumakhala kothithikana: wina akupopa mpweya, wina akulowetsa chubu. Kumeneko mungatsegulenso Doppler, mbali ya makinawo yoona mmene magazi akuyendera, n'kuyeza liwiro lake. Kafukufuku wa a Cohen ndi anzawo ku New York mu 2022 anapeza kuti liwiro lofika masentimita 20 pa sekondi limayendera limodzi ndi BP yam'mwamba ya 60 kapena kuposa.

Tsono mantha anu ali ndi maziko tikafika pa kuyang'ana mtima weniweniwo. Mu 2017 a Huis in 't Veld ndi anzawo anaonera mavidiyo a magulu akutsitsimutsa odwala. Popanda sikani ankaima pafupifupi masekondi 13. Sikani ikabwera ankaima 21. Malire ovomerezeka ndi 10. Manja akangochoka pachifuwa, mphamvu yokankhira magazi m'mitsempha yodyetsa mtima imagwa nthawi yomweyo, ndipo pamafunika kupsinja kangapo kuti ikwerenso. Wogwira probe saona zimenezi. Iye maso ali pagalasi, akuti "dikirani pang'ono, chithunzi chikubwera."

Apa mpamene inu a namwino muli ndi mphamvu. Wina aziwerenga mokweza kuchokera pa 10 kutsika, ndipo akafika pa ziro manja abwerere pachifuwa, chithunzi chabwera kapena ayi. Probe ikhale pamalo pake, pansi pa fupa la pachifuwa, kupsinja kusanaime. Dokotala ajambule kavidiyo kafupi n'kukaunika kupsinja kutayambiranso. Wotsogolera gulu asakhalenso wogwira probe. Ndipo pakhale kansalu kopukutira jelo, poti pachifuwa poterera manja sakhazikika.

Mukatero, mtima uli ndi zambiri zokuuzani. Pali odwala amene monita ikuonetsa magetsi a mtima, chala sichikumva kanthu, koma pagalasi mtima ukufinya ndithu, mofooka chabe. Ena timawapeza ndi madzi kapena magazi atadzaza m'thumba lokuta mtima, vuto loti singano ingathe kulichotsa pompo. Mu kafukufuku wa REASON wa 2016, pa odwala 793 a ku United States ndi Canada, mwa amene mtima wawo unkagwedezeka 3.8 pa 100 anatuluka m'chipatala amoyo, pomwe mwa amene mtima unali duu anali 0.6 pa 100. Kusiyanako n'kwakukulu, koma 0.6 si ziro. N'chifukwa chake sikani payokha siyenera kukhala chifukwa chonenera kuti basi tisiye. Chimodzimodzi chipinda chakumanja cha mtima chikaoneka chotupa: musathamangire kunena kuti magazi aundana m'mapapo, chifukwa mtima ukaima kwa kanthawi chipindachi chimatupa chokha.

Monita ikaonetsa VF, kutanthauza kuti mtima ukungonjenjemera osapopa magazi, probe iikeni pambali, menyani shoko kaye. Ngati mukuyeza mpweya woipa umene wodwala akutulutsa kudzera m'chubu, nambala yake ikakwera mwadzidzidzi ndi chizindikiro china choti mtima mwina wayamba. Ndipo masekondi 10 akatha mukukayikabe, kaya ndi chala kaya ndi makina, pitirizani kupsinja.

Mukapeza mpata usiku wina kukakhala phee, mupempheni dokotalayo akuonetseni carotid pakhosi pa mnzanu wathanzi, modinikiza pang'ono chabe, wina atagwira wotchi. Mukatero mudzandilembere kuti zinakutengerani masekondi angati.