Kulumikiza fani yamagetsi pa pikapu

Achimwene, fani yoziziritsa radiator yomwe mukufuna kuika pa pikapuyo musailumikize mwachindunji ku swichi ya kiyi, mawaya adzapsa. Ikani relay, kaswichi koyendera magetsi kokhala ndi mapini a manambala. Pini 30 ipite ku batire kudzera pa fyuzi ya 30A yoikidwa pafupi ndi batirelo, 87 ku fani, 86 ku waya wa ignition, 85 ku thermo switch (swichi yoyatsa fani injini ikatentha) yomwe mbali inayo yagwira bodi. Mawaya a 30 ndi 87 akhale a 4mm², poti fani imakoka moto wambiri poyamba kuzungulira.

Imangeni kuseri kwa radiator kuti izikoka mpweya. Fani ikuzungulira, ikani kapepala kutsogolo kwa radiator: kakamamatira, zili bwino. Kakauluzika, sinthanitsani mawaya awiri a faniyo. Musamangire fani ndi tizingwe tapulasitiki todutsa mu radiator, m'misewu ya mabampu timaboola mapaipi. Ngati fani imayendetsedwa ndi kompyuta ya galimoto, pitani kwa makaniko wa zamagetsi.