Kwa azakhali, za poloni ndi maswiti aja

Assalamu alaikum azakhali. Ndamva uthenga wanu, mukufunsa ngati munthu angadziwe ponunkhiza kuti mu poloni ndi maswiti ndinatumiza pa basi aja muli nkhumba kapena ayi. Eee, mphuno siingathe zimenezo. Nyama akaigaya n'kuthiramo mchere ndi zokometsera, ngakhale amene wakalambira m'bucha sangaisiyanitse.

Zimenezi amayeza ku labotale. Amadula kachidutswa, n'kutulutsamo DNA, chizindikiro chachibadwa chimene chimasiyanitsa nyama ina ndi inzake, kenako makina a PCR amachulukitsa DNA ya nkhumba yokhayo, ngati ilipo, mpaka ioneke, ngakhale ikhale yochepetsetsa. Kuno ku South Africa nkhani inavuta mu 2013, a ku yunivesite ya Stellenbosch atayeza zakudya zanyama 139 za m'masitolo ndi m'mabucha, masoseji, nyama yogaya, zoterozo. Pa 100 zilizonse, 37 munali nkhumba yosalembedwa papaketi. M'chakudya china munapezeka ndi bulu yemwe, azakhali, bulu! Sikuti nthawi zonse ndi chinyengo ayi. Chigayo chomwecho chagaya nkhumba m'mawa, masana chagaya ng'ombe osachitsuka bwino, basi zalowana.

Koma maswiti ofewa aja ndiye ovuta. Muli gelatine, amene amapangidwa pophika zikopa ndi mafupa, kaya a ng'ombe kaya a nkhumba. Kuphika kumeneko kumaphwanya DNA, ndiye makina atha kunena kuti mulibe kanthu pomwe chiyambi chake ndi nkhumba. Ngakhale oyeza amatsutsana. Ku Malaysia mu 2014 unduna wa zaumoyo unati wapeza DNA ya nkhumba mu chokoleti cha Cadbury cha mitundu iwiri, anthu n'kukwiya, koma JAKIM, bungwe la boma loona za Chisilamu, itayezanso sinapeze kanthu.

N'chifukwa chake ine ndimadalira kwambiri chizindikiro cha halaal cha papaketi, cha SANHA kapena MJC, mabungwe otsimikizira zakudya za halaal kuno ku South Africa, chifukwa iwowo amalowa m'fakitale momwe n'kufufuza kumene chilichonse chikuchokera. Kumudziko ndi ntchito yomwe amagwira a Halaal Department a MAM, bungwe la Asilamu ku Malawi.

Ndiye poloni uja idyani, ndinaonetsetsa ndekha, chizindikiro chili kuseri kwa paketi chakumunsi. Maswitiwo ndinangotola mothamanga ku Park Station, pokwerera basi ku Joni, pepani, sindinawerenge. Asawatsegule kaye anawo. Muwauze ajambule kuseri kwa paketiyo, pamene alemba zimene zilimo, anditumizire pompano ndione.