Alendo owerengeka analowa bwanji ufumu m'Chigwa cha Shire?

Owerenga wina wa ku Nchalo watumiza funso pa imelo. Akuti mafumu ena a ku Chikwawa, monga a Kasisi, a Katunga, a Maseya ndi a Mlilima, mbiri yawo imati makolo awo anachokera kutali kumtunda kwa Zambezi, chonsecho anthu awo ndi Amang'anja. Ndiye akufunsa: alendo owerengeka chabe analowa bwanji ufumu m'dziko la eni, nanga anthu wamba ankakhala bwanji masiku amenewo?

Bambo, ambiri akafunsidwa zimenezi amangoti "anali ndi mfuti." Analidi nazo, koma Ayao analinso nazo, achikunda, asilikali a Apwitikizi, analinso nazo zambiri kuposa iwo. Chimene chinawapatsa ufumu alendowa, amene amatchedwa Amakololo, ndi njala, bwato ndi dooko.

Anthuwa anabwera ndi David Livingstone. Mu 1860 iye anapita kwa Sekeletu, mfumu ya Amakololo, kumtunda kwa Zambezi, ndipo pobwerera anatenga amuna ena oti azimuthandiza. Amenewa ndiwo anatsalira pamudzi wa Chibisa, pafupi ndi pomwe pali boma la Chikwawa lero. Sanakwane ngakhale makumi awiri, ndipo ambiri mwa iwo sanali Amakololo enieni koma anthu a mitundu imene Amakololo anagonjetsa kwawoko. Dzinalo linangowamatirira.

Anapeza chigwa cha anthu odzidalira. Banja la Chimang'anja linkalima minda iwiri. Kumphala, kutali ndi madzi, ankadzala mapira ndi mchewere mvula yoyamba ikagwa. Madzi osefukira akaphwa, cha mu Epulo kapena Meyi, ankatsikira kudimba kukadzala chimanga, nyemba, maungu ndi mbatata m'matope amene mtsinje wasiya. Dimba lili ndi malamulo ake. Ukafulumira mbewu imaola m'matope, ukachedwa pamwamba pamauma ndipo umafunika kukumba phando lakuya mpaka utapeza chinyontho. Ubwino wa minda iwiriyi unali woti mvula ikakanika kumphala, dimba linkapulumutsa mudzi.

Amuna ankalima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu za machila. Amayi ankaphika mchere, ndipo ntchitoyi ndi imene inkawapatsa chuma chawochawo. M'chilimwe ankapala dothi loyererako pamwamba m'malo amchere, kuliika mumphika woboola pansi woyalamo udzu, kuthira madzi pang'onopang'ono kuti atcheze mumphika wina, kenaka kuwiritsa madziwo mpaka ataphwa. Wopala mozama ankatenga dothi lopanda kanthu, wothira madzi ambiri ankatha nkhuni pachabe. Mcherewo ndi nsalu ndi nsomba zouma ankasinthanitsa ndi makasu ndi chakudya kwa anthu a kumapiri.

Pa ndale, Lundu ankatchedwa mwini dziko, kumunsi kunali Tengani, ndipo kachisi wa Mbona ku Khulubvi ndiye ankalumikiza chigwa chonse pa nkhani ya mvula. Koma kunena zoona, pofika nthawiyi mphamvu za Lundu zinali zitachepa kwambiri. Mfumu ya mudzi inkaweruza milandu pabwalo, kugawa minda ndi kutsogolera nsembe, koma inalibe asilikali. Anthu akakhumudwa nayo ankangosamuka.

Zonsezi zinasweka mu 1862 ndi 1863. Mvula inakanika. Pa nthawi yomweyo kumapiri kunali nkhondo ya Ayao ndi Amang'anja, kumunsi ankhondo a Paul Marianno, amene anthu ankamutcha Matekenya, ankagwira akapolo. Apa ndi pamene dimba linalephera kugwira ntchito yake, chifukwa munthu sangapalire chimanga m'mbali mwa mtsinje uku akuopa kugwidwa. Anthu anathawira m'zilumba ndi m'madambo, kumadya nyika ndi mizu. Livingstone analemba za mitembo yoyandama pa Shire. Amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, amene anasamukira kwa Chibisa kuchoka ku Magomero Bishopu Mackenzie atamwalira mu Januwale 1862, nawonso anachoka m'chigwamo.

Taonani tsono zimene alendo aja anali nazo. Anali akatswiri a bwato, pakuti anakulira pa Zambezi. Ankatha kupha njovu ndi mvuu, ndiye kuti anali ndi nyama ya lero komanso minyanga yogulira onga ndi nsalu mawa. Analibenso abale m'dzikomo oti awachitire manyazi. Munthu wanjala, mayi wamasiye, mwana wotsala yekha, othawa nkhondo kumapiri, onse ankapita kumene kuli chakudya ndi linga. Akalowa m'lingamo ankasanduka anthu a mwini linga: anyamata ankapatsidwa mfuti ndi nkhafi, akazi ankakwatiwa ndi mfumu kapena anyamata ake. Mmenemo ndi mmene amuna owerengeka anapezera anthu mazanamazana m'zaka zochepa. Atakhwima anagonjetsa banja la Lundu ndi kugawana mtsinje, aliyense chigawo chake. Ramakukan, amene timamudziwa kuti Kasisi, ndiye anali wamkulu, ndipo Chipatula anagwira chakumunsi.

Kodi moyo unakoma pansi pawo? Yankho lili pawiri. Amakololo sankalola ogula akapolo kulowa m'dera lawo, ndipo Kasisi ankalondera madooko kuti Angoni asawoloke Shire mwachisawawa. Munthu ankatha kulimanso dimba lake. Koma mtengo wake unali wowawa. Anthu ankalima munda wa mfumu asanalime wawo, ankapereka mtulo, minyanga inkapita kwa mfumu, ndipo mafumuwa ankatenga akazi ochuluka mmene afunira. M'dziko la chikamwini, mmene mwamuna ankapita kukakhala kwa mkazi ndipo ana anali a kuchikazi, anabweretsa ufumu wochoka kwa bambo kupita kwa mwana. Chipatula makamaka anatchuka ndi zilango zankhanza. Amene amawatama Amakololo ngati opulumutsa okhaokha amaiwala mbali imeneyi.

Dooko linawalemeretsanso Azungu atabwerera. Sitima yochokera kunyanja yamchere siingapitirire mathithi a Kapichira, choncho katundu yense ankatsitsidwa m'dera lawo. Mu 1875 sitima ya Ilala inaphwasulidwa, ndipo amtengatenga mazana angapo amene mafumuwa anapereka anaisenza zidutswazidutswa mpaka kumtunda kwa mathithi. Mishoni ya Blantyre itayamba mu 1876, ana a mafumuwa anali m'gulu la ophunzira oyamba. Kampani ya African Lakes, ya Mandala ija, inkadalira dooko la kwa Katunga. Ubalewu sunali wosalala. Mu 1884 George Fenwick, Mzungu amene kale ankagwira ntchito kumishoni, anawombera Chipatula atakangana pa malonda a minyanga. Anthu a Chipatula anamupha Fenwick, anamiza sitima ya Lady Nyassa, ndipo njira ya pamtsinje inatsekeka mpaka atakambirana.

Kutha kwa ufulu wawo kunadza chifukwa cha dooko lomwelo. Apwitikizi ankafuna Shire, Angerezi ankaifunanso. Mu 1889 Mpwitikizi Serpa Pinto anakwera mtsinjewu ndi gulu lankhondo, John Buchanan, woimira boma la Britain, analengeza kuti dziko la Amakololo lili m'manja mwa Britain, ndipo mu Novembala chaka chomwecho ankhondo a Mlauli, amene anatsogolera Amakololo Kasisi atamwalira, anagonja kwa Apwitikizi ngakhale anali atanyamula mbendera za Angerezi. Mu Januwale 1890 boma la Britain linaopseza Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo pangano la 1891 linaika malire pa mtsinje wa Ruo. Mafumu amene ankalipiritsa Azungu podutsa anasanduka otolera msonkho wa boma la atsamunda lotsogozedwa ndi Harry Johnston.

Za chilankhulo, musadabwe kuti palibe amene amayankhula Chikololo ku Chikwawa. Amunawa anabwera opanda akazi, ana awo anabadwa kwa amayi a Chimang'anja ndipo anayamwa Chimang'anja. Ufumu wa Lundu unadzakwezedwanso nthawi ya Kamuzu Banda, n'chifukwa chake lero a Lundu ndi mfumu yaikulu pomwe a Kasisi, a Katunga, a Maseya ndi a Mlilima akadali ndi madera awo m'mbali mwa mtsinje.