Nkhanambo ndi zithupsa pa mbuzi ndi nkhosa: yambani mwaigwira musanagule jakisoni

Bambo wina wa ku Chingale wafunsa kuti: "Chiyambireni mvula mbuzi zanga zatuluka nkhanambo pamsana ndi m'makutu. Ndinazibaya jakisoni wa mphere amene ndinagula pamsika koma palibe chasintha. Kodi anandigulitsa mankhwala abodza?"

Mwina mankhwalawo ndi enieni ndithu bambo, koma matendawo si mphere. Jakisoni amene munagulayo, ngati ndi ivermectin, amapha tizilombo ta mphere ndi njoka zam'mimba. Mabakiteriya sawakhudza mpang'ono pomwe. Choncho musanataye ndalama ina, khalani pansi pafupi ndi khola m'mawa muziyang'ane. Mbuzi ya mphere sikhazikika. Imadzikhula pamitengo ya khola, imadziluma, imadzikanda ndi mwendo wakumbuyo, ndipo khungu lake limakhuthala n'kuchita makwinya, makamaka kumaso, m'makutu ndi m'khosi. Ngati zanuzo zikudya bwinobwino osadzikanda kwenikweni, ndipo nkhanambo zayambira pamsana pamene mvula imamenya, ine ndimayamba kuganizira matenda amene alimi a ng'ombe ambiri amawatcha senkobo. Amagwiranso mbuzi ndi nkhosa.

Igwireni mbuziyo. Valani magolovesi kapena pepala la pulasitiki m'manja, kenaka yendetsani dzanja pamsana mosemphana ndi ubweya. Mumva timabuluma tolimba. Tsinani kamodzi mukazule. Ubweya umatuluka utamatirirana pamodzi ndi nkhanambo ngati burashi yopentera imene yauma ndi penti. Tembenuzani nkhanamboyo: kunsi kwake kumakhala kolowa m'kati, mizu ya ubweya ikuonekera, ndipo pamene mwazulapo pamatsala pofiira ponyowa, nthawi zina ndi timafinya. Pa nkhosa zaubweya wambiri nkhanambozi zimakula mobisika, mwini wake amadzazindikira msana wonse utauma gwa.

Kachilombo kake ndi bakiteriya wotchedwa Dermatophilus congolensis, ndipo kanapezeka koyamba pa ng'ombe ku Congo m'chaka cha 1915. Pakhungu louma komanso losalala kamalephera kulowa. Kamadikira khungu lifewe ndi madzi kapena libooledwe ndi minga ndi nkhupakupa, makamaka zija zazikulu zamawangamawanga zokhala ndi mlomo wautali, zimene zimakonda kunsi kwa mchira, kubere ndi m'khwapa. N'chifukwa chake matendawa amavuta kuyambira Disembala mpaka Malichi, nthawi imene mbuzi zimakhala pachingwe kuopa kudya chimanga cha eni ake, mvula n'kumazithera pomwepo tsiku lonse. Kumadambo a kufupi ndi nyanja ya Chilwa ndi m'munsi mwa phiri la Zomba chinyontho sichisowa, ndipo chiperoni cha m'Juni nachonso chimatha kuwadzutsa.

Mlangizi wa ziweto akatsimikiza, amabaya jakisoni wopha mabakiteriya wotchedwa oxytetracycline, wokhalitsa m'thupi, mamiligalamu 20 pa kilogalamu iliyonse. Pa botolo la 20 peresenti ndiye kuti mililita imodzi pa makilogalamu 10. Komabe ndikuuzeni zoona, jakisoni yekha popanda denga labwino ndi kungotaya ndalama. Folerani khola, patulani zodwala, thirani mankhwala a nkhupakupa, ndipo nkhanambo zimene zagwa muzitenthe chifukwa kachilomboka kamakhalamo kamoyo miyezi yambiri. Oyilo wakale wa galimoto amene ena amapaka, musayerekeze. Amaotcha khungu ndipo mbuzi ikanyambita amaipweteka m'mimba.

Funso lachiwiri lachokera kwa mayi a ku Jali. Tonde amene anagula wa mtundu wa Boer watupa pansi pa khutu. Chotupacho chinaphulika chokha m'khola, ndipo tsopano mbuzi ina yatupa patsogolo pa phewa. Akuti kodi si minga chabe?

Mayi, munga umabaya paliponse, koma zotupa zanuzi zikusankha malo. Pansi pa khutu, pansi pa chibwano, patsogolo pa phewa, patsogolo pa ntchafu yakumbuyo ndi kumwamba kwa bere, amenewa ndi malo a anabere. Chithupsa chikamera pamenepo, chikukula pang'onopang'ono, mbuzi osaonetsa kuti ikumva kuwawa, chimene timaopa ndi matenda a zithupsa za anabere, oyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Corynebacterium pseudotuberculosis. Chikapsa ubweya umathothoka pamwamba pake. Mafinya ake ndi olimba, sayenderera, ndi oyera mobiriwira, ndipo chodabwitsa n'chakuti sanunkha. Mafinya amadzimadzi onunkha nthawi zambiri amakhala a bala wamba kapena a pamene panabayidwa ndi singano yakuda. Pa nkhosa, chithupsa chakale chikadulidwa pophera chimaoneka chouma, cha mizere yozungulira yosanjikizana.

Matenda amenewa ndi amene ine ndimadandaula nawo kwambiri, kuposa senkobo, chifukwa akalowa m'khola satuluka msanga. Mafinya amene anagwera pansi paja ali ndi tizilombo tosawerengeka, ndipo timakhala m'dothi ndi pamatabwa miyezi ingapo. Mbuzi ina ikadzicheka ndi waya kapena msomali pomwepo yatenga, koma chotupa chimadzaoneka patapita mwezi umodzi mpaka itatu, inu mutaiwala kale. Jakisoni sathandiza kwenikweni chifukwa chithupsacho chili ndi chikuta chokhuthala chimene mankhwala amalephera kudutsa. Mbuzi zina zithupsa zimamera m'mapapo ndi m'chiwindi, ndiye imangoonda ikudya, mwini wake n'kumaimwetsa mankhwala a njoka osaona kusintha.

Choyenera kuchita ndi kupatula tondeyo ndi inzakeyo lero lomwe. Chotupa cha paphewacho chisaphulikire m'khola. Chikafewa, mlangizi achiboole kutali ndi khola, mafinya awolere papepala n'kuwatentha, atsuke m'kati ndi ayodini, ndipo mbuziyo ikhale payokha mpaka bala litauma. Mbuzi imene imangobwereza zithupsa ndi bwino kuichotsa, koma osati kukaigulitsa kwa mnzanu wofuna mbewu. Ndikudziwa kuti tonde wa Boer si wa ndalama zochepa, komabe kumusunga kungakudyereni khola lonse. Pogula ku Songani, ku Mayaka kapena kwina kulikonse, papasani malo asanu ndatchula aja, ndipo chipsera chopanda ubweya pansi pa khutu chikukayikitseni.

Lezala musathamange nalo. Kutupa kofewa kwa madzi pansi pa chibwano si chithupsa, ndi chizindikiro cha kuchepa kwa magazi chifukwa cha njoka zam'mimba. Tsegulani chikope muone ngati chayera. Chotupa cha pamimba chimene chimabwerera m'kati mukachidina mwina ndi matumbo, ndipo mukacheka mwapha mbuzi. Palinso mphere ya mtundu wina imene siyabwa, imene imatulutsa timabuluma tambirimbiri m'khosi ndi m'mapewa tokhala ndi mafinya olimba. Imeneyo maso okha amanama, pamafunika makina oonera tizilombo.

Ena a ku Thondwe afunsa za timatuza ta mafinya pabere la mbuzi yoyamwitsa. Nthawi zambiri ndi bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus, wobwera ndi khola lonyowa la ndowe, ndipo kutsuka ndi ayodini wosungunula komanso kusesa khola kumathandiza. Koma yang'anani kaye milomo ya ana ake. Ngati ili ndi nkhanambo zotukuka m'mbali mwa kamwa, ndiye kuti ndi orf, matenda a vayirasi amene ana amasiya pabere poyamwa. Amatha okha pakadutsa masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi, maantibayotiki sawapha, ndipo amagwira munthu pazala. Chachikulu ndi kuonetsetsa kuti anawo akuyamwa, poti mayi wawo amawakankha chifukwa cha ululu. Zigamba zozungulira zotuwa zopanda mafinya, zimenezo ndi zipere. Mukaona malovu akuchucha, matuza m'kamwa ndi kutsimphina pa ziweto zingapo nthawi imodzi, musayese chilichonse, kaneneni ku ofesi ya zaulimi tsiku lomwelo.

Pomaliza pali amene afunsa ngati n'zotheka kuyezetsa. N'zotheka, kudzera kwa mlangizi wa ziweto wa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA), kaya ndi Malosa, Dzaone, Likangala kapena Chingale. Iye angatumize zokayezedwazo ku labotale ya ziweto ya ku Blantyre kapena yaikulu ya ku Lilongwe. Muitaneni musanapereke mankhwala alionse, chifukwa mbuzi yobayidwa kale kapena yopakidwa zinthu imasokoneza zotsatira. Nkhanambo amazula zatsopano n'kuziika mu envelopu ya pepala, osati m'jumbo momwe zimachita nkhungu. Ku labotaleko amazinyowetsa, kuzipaka pagalasi ndi utoto wa Giemsa, ndipo kachilombo ka senkobo kamaoneka kandandalika m'mizere yoyandikana yochita nthambi. Pofufuza mphere amapala khungu m'mphepete mwa bala mpaka timagazi titaonekera, apo ayi tizilomboto satipeza. Mafinya amawakoka ndi sirinji yatsopano pa chithupsa chosaphulika n'kuwasunga pozizira. Nthawi zina pambuzi imodzi pamapezeka mphere ndi senkobo pamodzi, ndiye pamafunika mankhwala onse awiri.

Mbuzi ikabayidwa, werengani pabotolo masiku oyenera kudikira musanaiphe kapena kumwa mkaka wake. Pa oxytetracycline wokhalitsa, nyama imadikira masabata atatu kapena anayi, mabotolo ena kuposerapo, ndipo wa chiwaya akabwera kudzaitsatsa masikuwo asanakwane, muuzeni adzabwerenso.