Funsani Aphunzitsi: Kodi "badly" ndi "wrongly" ndi mawu amodzi?

Funso: Ndimawotcherera zitsulo ku Moatize. Kapitawo wathu amalemba malipoti m'Chingerezi, pomwe ife kusukulu tinkaphunzira m'Chipwitikizi. Tsiku lina analemba kuti "The pipe was badly welded and wrongly fitted." Kodi sanangobwereza mawu?
Wowerenga wa ku Moatize

Yankho: Ayi bambo, sanabwereze. Apatu anatchula zolakwika ziwiri, chilichonse ndi kakonzedwe kake.

"Badly" amanena za ntchito yomwe yagwiridwa ndithu koma mosalongosoka. Paipi yomwe ili "badly welded" mwaiwotcherera pamalo pake penipeni, kungoti pamsokopo patsala timabowo kapena chitsulo sichinalowerere, ndiye idzadontha. Mankhwala ake ndi kupala msokowo n'kuwotchereranso. "Wrongly" amanena kuti mwachita chimene sichimafunika. Paipiyo mwina njolimba bwinobwino, koma mwaiika mozondotsa kapena pamalo pa inzake. Apa kupala sikuthandiza, muyenera kumasula n'kuiika pamalo pake. M'Chichewa tingati choyambacho ndi "mosalongosoka", chachiwiricho "molakwika".

Chipwitikizi chanucho chikuthandizani kwambiri. "Bad" ali ngati "mau", amafotokoza chinthu: "a bad weld". "Badly" ali ngati "mal", amafotokoza kachitidwe: "He welds badly." Mchira wa "-ly" umagwira ntchito yomwe "mo-" amagwira kwathu mu mawu ngati "moipa" ndi "mosasamala".

Pa malo ake m'chiganizo ndi pomwe ambiri amaphonya. Musawalowetse pakati pa mneni ndi chinthu chochitidwacho. Lembani "He welded the pipe badly", osati "He welded badly the pipe", ngakhale Chipwitikizi chimalola "soldou mal o tubo". Poyerekeza ntchito ziwiri mugwiritse "worse", ndipo yoipitsitsa ndi "worst".

Chenjerani ndi msampha uwu, chifukwa pantchito yanu ungathe kuvulaza munthu. Akakhala pamodzi ndi "need", "want", "hurt" kapena "damaged", "badly" amatanthauza "kwambiri". Kapitawo akalemba kuti "We badly need gas", akuti gasi akufunika mwachangu. "He is badly hurt" ndiye kuti munthu wavulala koopsa, thamangirani naye kuchipatala. "Wrongly" alibe tanthauzo limeneli.

"Poorly" ndi mnzake wa "badly", wofatsirapo pang'ono, ndipo m'malipoti muwaona kawirikawiri: "poorly maintained". "Faultily" ali m'dikishonale, koma anthu sawagwiritsa ntchito kwenikweni. Pa chipangizo chowonongeka amangoti "faulty valve".